Nagasaki: Mzinda wa pa Doko Umene Usunga Zipsera Zake

Caka ndi caka alendo ambirimbiri ocokera ku maiko osiyanasiyana afika mu mzinda wa Nagasaki, kumadzulo kwa dziko la Japan, kudzaona malo. Ambiri a iwo adziwa cinthu cimodzi cokha ca mzindawu, ndico cakuti unaonongedwa ndi bomba la atomiki pa 9 Ogasiti 1945, patangopita masiku atatu Hiroshima itapsa. Koma amene akhalamo masiku awiri kapena atatu abwerera kwao atamva mbiri ya zaka zoposa 450, pakuti zabwino ndi zoipa zambiri zimene zinafika m'Japan kucokera kunja zinalowera pa doko limeneli. Eni mzinda sanafafanize mbiri imeneyi. Anasunga nyumba zakale, maulalo, machalichi ndi zipupa zakupsa, kuti mlendo aone ndi maso ake ndi kukauza anzake kwao.

Nagasaki ali pa cisumbu ca Kyushu, cimodzi mwa zisumbu zinai zikuluzikulu za Japan, ndipo mukhala anthu pafupifupi 400,000. Nyanja ya mcere inalowa kumtunda monga mtsinje waukulu pakati pa mapiri, kotero kuti zombo ziima mosatekeseka ngakhale kunja kuli namondwe. Malo a cidikha ndi ocepa. Nyumba zinamangidwa zokwera m'mapiri, ina pamwamba pa inzake, ndipo m'malo ambiri mulibe mseu wa galimoto koma makwerero a miyala. Nkhalamba za mumzindamu zikwera makwerero amenewa tsiku ndi tsiku, katundu wa kumsika ali m'manja.

KAFIKIDWE KAKE

Munthu wocokera kuno ayamba watenga viza ku ofesi ya kazembe wa Japan mu Lusaka. Palibe ndeke yopita ku Japan mwacindunji, motero asinthira ku Addis Ababa, ku Doha kapena ku Dubai. Kucokera ku Tokyo ndi ulendo wa maola awiri pa ndeke kukafika pa bwalo la Nagasaki, limene linatsegulidwa mu 1975 pa kacisumbu ka m'nyanja ya Omura. Ena akwera sitima ya pamtunda ku Fukuoka, ndipo kuyambira mu 2022, pamene njanji yatsopano ya sitima zothamanga inatsegulidwa, ulendowu utenga ola limodzi ndi theka cabe. Nthawi ya ku Japan iri patsogolo ndi maola asanu ndi awiri: pamene kuno tiri kudya nsima ya masana, kumeneko ali kukonzekera cakudya ca madzulo.

Magalimoto ayenda kumanzere kwa mseu monga kwathu kuno. Koma cimene cithandiza mlendo koposa ndi tisitima toyendera magetsi timene tidutsa pakati pa misewu. Tinayamba kuyenda mu 1915, mtengo wake ndi umodzi ngakhale mutsike pafupi kapena patali, ndipo tifika pafupi ndi malo ambiri amene tifotokoze pano. Mlendo wanzeru ayendera malowa motsata zaka zake, kuyambira ku doko kumene mbiri inayambira.

ZOMBO ZA APWITIKIZI

Kale Nagasaki unali mudzi waung'ono wa asodzi. Mu 1571 mfumu ya deralo, Omura Sumitada, imene inali itabatizidwa, inalola Apwitikizi kuimika zombo zao pamenepo. Iwo anali kubweretsa nsalu za silika zocokera ku China ndi kutenga siliva wa ku Japan. Pamodzi ndi amalonda panafikanso ansembe, ndipo m'zaka zowerengeka mudzi uja unasanduka mzinda wodzala ndi machalichi.

Njira ya Apwitikizi inali yozungulira Africa, kuima pa cisumbu ca Mozambique, ku Goa ndi ku Macau, cifukwa cake zithunzi zimene Ajapani anajambula m'zaka zimenezo zionetsa anthu akuda pakati pa amalinyero ndi onyamula katundu. Wodziwika koposa ndi munthu amene Ajapani anamucha Yasuke. Iye anafika mu 1579 pamodzi ndi wansembe Alessandro Valignano pa doko la Kuchinotsu, m'cigawo comweco ca Nagasaki. Mu 1581 anaonekera pamaso pa Oda Nobunaga, mtsogoleri wamphamvu koposa wa nthawiyo, amene anamtenga kukhala mmodzi wa anthu ake. Wolemba mbiri wina wa m'gulu la Ajezuiti analemba mu 1627 kuti kwao kwa Yasuke kunali ku Mozambique.

Kukula kwa Cikristu kunaopsa olamulira a Japan, amene anaganiza kuti pambuyo pa ansembe padzabwera asilikali a maiko ao. Pa 5 Febuluwale 1597 Akristu 26 anapacikidwa pa mitanda pa citunda ca Nishizaka mwa lamulo la Toyotomi Hideyoshi. Anagwidwa ku Kyoto ndi ku Osaka, ndipo anayendetsedwa ulendo wa mwezi wathunthu m'nyengo ya cisanu. Mwa iwo 20 anali Ajapani, atatu anali ana, ndipo wamng'ono koposa, Louis Ibaraki, anali wa zaka 12. Citundaci ciri pafupi ndi siteshoni ya sitima. Pali cipupa cacitali cokhala ndi zifanizo zao zonse 26 zitandandalika, cimene cinamangidwa mu 1962, ndipo mlendo azindikira msanga ana atatuwo cifukwa ca kufupika kwao.

KAKHOMO KA DEJIMA

Mu 1614 Cikristu cinaletsedwa m'dziko lonse, ndipo mu 1639 Apwitikizi anathamangitsidwa. Japan anadzitsekera. Nzika inaletsedwa kupita kunja, ndipo imene inali kunja inaletsedwa kubwerera. Mwa azungu onse, Adachi okha a ku Holland ndiwo analoledwa kucita malonda, cifukwa iwo analonjeza kusalalikira. Mu 1641 anawasamutsira pa Dejima, kacisumbu kopangidwa ndi manja a anthu m'mbali mwa doko, kosakwana ngakhale mahekita awiri. Alimi ambiri a kwathu ali ndi minda yoposa pamenepo.

Kwa zaka zoposa 200 kamalo kameneka ndiko kanali khomo lokha la pakati pa Japan ndi Ulaya. Panali ulalo umodzi wokha wolonderedwa usana ndi usiku. Adachi sanali kuoloka popanda cilolezo, ndipo Ajapani ololedwa kulowa anali akulu a boma, omasulira, amalonda osankhidwa ndi anchito owerengeka. Zombo zinali kutsitsa shuga, nsalu ndi mankhwala. Boma litaletsa kugulitsa siliva kunja mu 1668, katundu wamkulu wotuluka anali mkuwa, woumbidwa m'tindodo ndi kuikidwa m'mabokosi a matabwa. Mzambia amene aima pa sikelo yakale ya pa Dejima aona kuti citsulo cimene cigwira cuma ca dziko lathu cinagwirapo cuma ca Japan.

Akulu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Acinyamata a ku Japan ofuna nzeru anali kuyenda mitunda yaitali kudza ku Nagasaki kudzaphunzira cinenero ca Adachi, kuti awerenge mabuku a zamankhwala, a nyenyezi ndi a zomangamanga. Dokotala wa ku Germany, Philipp Franz von Siebold, anafika mu 1823 ndi kutsegula sukulu ya udokotala pa Narutaki caka cotsatira. Mu 1849 katemera wa nthomba analowera pa Dejima pomwepo ndi kufalikira m'dziko lonse. Cotero pamene Japan anatsegulanso madoko ake mu 1859, anali kale ndi anthu odziwa nzeru za kunja, ndipo ici cinamthandiza kutukuka msanga.

Lero Dejima sicilinso cisumbu, pakuti nyanja yozungulira inakwiriridwa ndi dothi pofika mu 1904. Koma mzinda unamanganso nyumba za amalonda ndi nkhokwe zao monga momwe zinaliri, ndipo mu 2017 unaikanso ulalo pamalo a wakale uja. Mlendo alowa m'zipinda atavula nsapato, monga mwa mwambo wa m'nyumba za ku Japan, naona mipando ya cizungu itaikidwa pa mphasa za Cijapani.

AKRISTU OBISALA

Kum'mwera kwa Dejima, pa phiri loyang'ana ku doko, kuli chalichi coyera ca Oura, cimene ansembe a ku France anamanga mu 1864 kuti azungu okhala mumzinda azipemphereramo. Panthawiyo onse anali kukhulupirira kuti Cikristu cinatheratu pakati pa Ajapani. Kwa mibadwo yambiri, kumayambiriro a caka ciri conse, munthu ali yense wa mu Nagasaki anali kukakamizidwa kuponda cithunzi ca Yesu kapena ca Maria pamaso pa akulu a boma, ndipo wokana anali kuzunzidwa kapena kuphedwa.

Pa 17 Malichi 1865 kagulu ka alimi ocokera ku mudzi wa Urakami, kumpoto kwa mzinda, kanalowa m'chalichimo. Mai mmodzi anayandikira Bambo Bernard Petitjean nawanong'oneza kuti mtima wao ndi umodzi ndi wa iwo, nafunsa kumene kunali cifanizo ca Maria. Pamenepo zinadziwika kuti anthu zikwizikwi anasunga cikhulupiriro cao kwa zaka 250 popanda wansembe. M'mudzi uli wonse munali mkulu wosunga masiku a mapemphero ndi wina wobatiza ana, ndipo mapemphero anali kuphunzitsidwa pakamwa kucokera kwa kholo kupita kwa mwana. Cifanizo cimene mai uja anafunsa cikali m'chalichimo mpaka lero. Mu 2018 bungwe la UNESCO linaika chalichici ndi midzi ina ya Akristu obisalawo pa mndandanda wa cuma ca dziko lonse lapansi.

Kudziulula kwao kunawabweretsera mavuto atsopano. Boma linagwira anthu a ku Urakami oposa 3,000 ndi kuwabalalitsa ku zigawo zakutali, kumene oposa 600 anafera. Otsala anabwerera mu 1873 ciletso citacotsedwa. Ngakhale anali osauka, mu 1895 anayamba kumanga chalichi cao ca njerwa pamalo enieni amene makolo ao anali kupondera zithunzi zija. Nchitoyo inatenga zaka 30, ndipo nsanja zake ziwiri zinatha mu 1925.

ZOMBO, MALASHA NDI ZAKUDYA

Pamwamba pa chalichi ca Oura pali munda wamaluwa wochedwa Glover Garden. Thomas Glover, wamalonda wa ku Scotland, anafika mu 1859, ndipo nyumba yake ya mu 1863 ndiyo nyumba yamatabwa ya cizungu yakale koposa m'Japan. Iye anagulitsa zombo ndi mfuti kwa magulu amene anagwetsa ulamuliro wakale mu 1868, nathandizanso kuyambitsa migodi ya malasha ya makono. Woima pakhonde la nyumbayi aona tsidya lina la doko malo opangira zombo a kampani ya Mitsubishi, amene anasandutsa Nagasaki mzinda wa mafakitale.

Pa doko pomwepo pakwereredwa maboti opita ku kacisumbu ka Hashima, kumene kunali mgodi wa malasha wa pansi pa nyanja. Ca m'ma 1960 panali kukhala anthu oposa 5,000 m'nyumba zosanjikana za simenti, koma mgodi utatsekedwa mu 1974 onse anacoka, ndipo nyumbazo ziri kugwa zokha. M'zaka za nkhondo anthu a ku Korea ndi a ku China anagwiritsidwa nchito yokakamiza m'mgodimo, ndipo ambiri anafera momwemo.

Mbiri ya mzinda ipezekanso m'mbale. Keke yofewa yochedwa castella, ya mazira, shuga ndi ufa wa tirigu, inabwera ndi Apwitikizi, ndipo ndiyo mphatso imene alendo agulira a kunyumba. Cakudya cochuka ca champon ndi msuzi wa mafupa wokhala ndi nyama ya nkhumba, zam'nyanja, kabichi ndi tizingwe ta ufa wa tirigu. Anaciyamba ndi mwini nyumba yodyera wa ku China ca m'ma 1899, pofuna kukhutitsa ophunzira osauka a kwao pa mtengo wocepa. Achaina akhala mu Nagasaki kwa zaka mazana anai, ndipo ulalo wamiyala wa Meganebashi unamangidwa mu 1634 ndi mkulu wa kacisi wao. Gule wao wa cinjoka avinidwa pa cikondwerero ca Kunchi, cimene cicitika kuyambira pa 7 mpaka pa 9 Okutobala. M'nyumba zodyera mlendo asasiye ndalama ya zikomo pa thebulo, pakuti kumeneko si mwambo, ndipo wanchito angamthamangire kukambwezera.

MAMINITI AWIRI ITAKWANA 11 KOLOKO

Tsiku lomaliza mlendo akwera kasitima kopita kumpoto, ku Urakami. Nkhondo yaciwiri ya dziko lonse si nkhani yacilendo kwa ife. Asilikali a Northern Rhodesia Regiment, ambiri a iwo ocokera m'midzi yathu, anamenyana ndi Ajapani m'nkhalango za ku Burma, ndipo maina a Arakan Barracks mu Lusaka ndi Chindwin Barracks mu Kabwe akumbutsa malo a nkhondoyo. Asilikali a Japan anazunza anthu ambiri m'maiko a ku Asia. Koma amene anafa mu Urakami ambiri anali akazi, ana ndi nkhalamba.

Cakudza sicimba ng'oma. Mmawa wa Lacinai, pa 9 Ogasiti 1945, ndeke ya America inanyamuka ndi bomba kupita ku mzinda wa Kokura. Itapeza kuti Kokura waphimbidwa ndi mitambo ndi utsi, inatembenukira ku Nagasaki, amene anasankhidwa cifukwa ca mafakitale ake a zombo ndi zida. Nthawi itangopitirira 11 koloko ndi maminiti awiri, bombalo linaphulika mamita 500 m'mwamba, pamwamba pa cigwa ca Urakami. Mapiri anachinga mzinda wakale wa ku doko, ndico cifukwa cake chalichi ca Oura ndi nyumba ya Glover zinapulumuka. M'cigwamo munatsala phulusa. Mwa kawerengedwe ka mzinda, pofika kumapeto a caka cimeneco anthu 73,884 anali atafa ndipo 74,909 anali atavulala. Mwa Akristu 12,000 a ku Urakami anafa pafupifupi 8,500, ndipo chalichi cimene makolo ao anamanga kwa zaka 30 cinagwa m'kamphindi. Pa 15 Ogasiti Japan analengeza kugonja.

Dziko lathu silinali kutali ndi nkhaniyi monga momwe tingaganizire. Mbali yaikulu ya mwala wa yureniyamu umene America anagwiritsa nchito popanga mabomba oyambawo inakumbidwa pa mgodi wa Shinkolobwe, pafupi ndi Likasi ku Katanga, kutsidya kwa malire athu a ku Copperbelt. Amene anaukumba ndi manja ao sanauzidwe kumene unali kupita.

Pamalo amene bomba linaphulikira pamwamba pake paimikidwa mwala wakuda, ndipo pambali pake pali cidutswa ca cipupa ca chalichi cakale cija. Chalichi catsopano cinamangidwa mu 1959. M'nyumba yosungiramo zokumbutsa za bomba, imene inatsegulidwa mu 1996, muli koloko ya pacipupa imene inaima pa 11.02, mabotolo osungunuka, zobvala zakupsa ndi kambale ka mwana wa sukulu kokhala ndi mpunga wosanduka makala. Alendo ayendamo mwakacetecete. Kunja, m'munda wa mtendere, kuli cifanizo ca munthu ca mamita pafupifupi 10 cimene Seibo Kitamura anaumba mu 1955. Dzanja lake lamanja liloza kumwamba kumene kunacokera imfa, lamanzere latambasuka kupempha mtendere, ndipo maso ndi otsinzina popempherera akufa. Pali kasupenso wa madzi, cifukwa amene anapsa anafa ali kulirira madzi akumwa.

Pang'ono kucokera pamenepo pali kanyumba ka cipinda cimodzi cokwana mphasa ziwiri, kochedwa Nyokodo. Munali kukhala Dokotala Takashi Nagai, amene mkazi wake Midori anafa ndi bomba. Iye mwini, ngakhale anali wovulala ndi wodwala kale khansa ya m'magazi, anathandiza odwala mpaka mphamvu zitamthera, ndipo pambuyo pake analemba mabuku ali gone mpaka imfa yake mu 1951. Ku kacisi wa Sanno kuli cipata camiyala cimene cikali ciriri ndi mwendo umodzi, ndi mitengo iwiri ikuluikulu imene inapsa ndi kuphukanso.

MBONI ZIRI KUTHA

Opulumuka pa mabomba awiriwa achedwa hibakusha. Ambiri a iwo anadwala khansa patapita zaka, ndipo ena anasalidwa pa ukwati ndi pa nchito cifukwa anthu anali kuopa poizoni wa bomba m'matupi mwao. Ngakhale zinali tero, iwo anayenda m'masukulu ndi m'misonkhano ya maiko kufotokoza zimene anaona. Mu 2024 bungwe lao la Nihon Hidankyo linalandira mphotho ya mtendere ya Nobel, ndipo amene analankhula m'malo mwao ku Oslo anali a Terumi Tanaka, amene anali mnyamata wa zaka 13 mu Nagasaki tsiku la bomba nataya abale ao asanu. Apapa awiri anafikapo mumzindamu kudzapempha kuti zida zimenezi zithetsedwe: John Paul II mu 1981 ndi Francis mu 2019.

Koma mu 2025 ciwerengero ca hibakusha amoyo cinatsika kusakwana 100,000 kwa nthawi yoyamba, ndipo ambiri a iwo apitirira zaka 85. Pa dziko lapansi pakali mabomba a mtundu umenewu pafupifupi 12,000 m'manja mwa maiko asanu ndi anai, ndipo ambiri ndi amphamvu kuposa limene linagwa pa Urakami. Maiko a mu Africa anasaina pangano la Pelindaba mu 1996, lokana zida zimenezi m'Africa monse, ndipo linayamba kugwira nchito mu 2009. Pangano lotere lisungika pokhapo anthu akumbukira cifukwa cake linalembedwa.

Pozindikira kuti mboni zoona ndi maso ziri kutha, mzinda wa Nagasaki uli kuphunzitsa ana ndi adzukulu a opulumukawo, pamodzi ndi acinyamata ena odzipereka, kuti alandire nkhani ya nkhalamba imodzi imodzi ndi kumaifotokoza iyo ikadzapita. Ndi njira yomwe ija imene alimi a ku Urakami anasungira mapemphero ao kwa zaka 250. Pa 9 Ogasiti caka ciri conse, nthawi ikakwana 11.02, mabelu alira ndipo mzinda wonse ukhala cete kwa miniti imodzi, ndipo pempho la eni mzinda kwa maiko onse ndi lakuti Nagasaki akhale mzinda womaliza kuona zoterezi.

Madzulo mlendo angakwere phiri la Inasa, la mamita 333, ndi kuyang'ana pansi. Kucokera pamenepo aona doko, Dejima ndi cigwa ca Urakami nthawi imodzi, zonse zitawala ndi nyali za m'nyumba za anthu. Ambiri a awerengi athu sadzafika kumeneko, pakuti ulendowo ndi wautali ndi wodula. Koma cimene anthu a ku Nagasaki apempha kwa amene afika ndi kwa amene angomva n'cimodzimodzi, ndico cakuti ana auzidwe zimene zinacitika pa 9 Ogasiti 1945.